Sabata yosaka munda woshutira ku Mitundu

Ntchito yanga pa kampani yathu yojambula mavidiyo ambiri saimvetsa, ena amandiyesa dalaivala poti nthawi zambiri ndimakhala pamsewu. Ine kamera sindigwira. Changa ndi kupeza malo oti tikashutire komanso kuonetsetsa kuti tsiku lomwe anyamata atsitsa makamera, malaiti ndi jenereta pasatulukire munthu ndi chikwanje nkumafunsa kuti mwalowa muno ndi chilolezo cha ndani.

Sabata yathayi tinali ndi adivati ya mbewu ya chimanga. Lolemba dayilekita anandipatsa zomwe akufuna, munda wa chimanga chobiriwira bwino phiri la Bunda likuoneka kumbuyo, chigafa cha fodya ndi kadimba. Mundawo anali atauona kale yekha akudutsa pagalimoto cha ku Mitundu, anaujambula pafoni nkunditumizira pa WhatsApp ndi mawu oti "uwu, ukangowauza eni ake". Kungowauza eti. Anthu a mu ofesi amaona ngati munda uli ngati golosale, kuti yemwe wampeza mkatimo ndiye mwini wake basi.

Lachiwiri ndinayambira kwa a nyakwawa, kumudzi kwa eni ake sungafikire kumunda, makamaka nyengo ino ya dowe pomwe aliyense wachilendo woyendayenda m'mphepete mwa chimanga amaoneka wakuba. Anandipatsa mnyamata wondiperekeza. Kumundako tinapeza bambo ena atakhala pa kamsasa akulondera, ansangala kwabasi, ndisanamalize nkufotokoza komwe akuti jambulani bwana palibe vuto, olo mawa lomwe. Ndinawafunsa funso lomwe ndimafunsa paliponse kuno ku chigawo chapakati, "Bambo, kwanu nkonkuno?" Akuti ayi kwathu ndi ku Dedza, kuno tinadzakwatira. Basi ndinadziwiratu kuti inde wawoyo sangandifikitse patali. Bambowo ndi mkamwini, chimangacho analima ndi iwo, feteleza anagula ndi iwo mwina atagulitsa mbuzi, koma nthaka ndi ya akazi awo yochokera kwa amayi awo, ndipo pamwamba pa mayiwo pali mlongo wawo, mwini mbumba, amene ana a pakhomopo amati atsibweni. Ukapangana ndi mkamwini yekha nkumupatsa ndalama, tsiku loshuta mlamu wake akangomva galimoto zalowa m'munda wa makolo ake iye osauzidwa, mwalongedza katundu, ndipo ukhozanso kupasula banja la anthu usakudziwa.

Mayiwo tinawapeza akusinja. Anamvetsera bwinobwino kenako anati, "Ine sindikukana ayi, koma ayambe amva achimwene." Achimwenewo amakonza njinga pa Mitundu, titawaimbira anati nkhani ya munda sitikambira pafoni, tikumane mawa kwa mfumu.

Ndiye Lachitatu ndi lomwe linandidyera tsiku lonse, komanso ndi lomwe ndimati ndinagwiradi ntchito. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kwa a nyakwawa, iwo pampando, nduna yawo pambali, mayi aja ndi agogo ena pamphasa, mkamwini uja chapatali pang'ono ali chete. Ndinaomba m'manja, wawa mfumu, nkufotokoza zonse kuyambira pachiyambi ngati dzulo sindinanene kanthu, chifukwa zomwe zanenedwa pabwalo ndi zomwe zimawerengedwa. Zonse zinkayenda bwino mpaka nditatulutsa fomu. Atsibweni aja anaiyang'ana osaigwira nkomwe nkuti, "Achimwene, mwati ndi vidiyo, nanga kusayinako nkwa chiyani?"

Funso limeneli sindidabwa nalo ndipo sindiwaona ngati ovuta. Midzi yozungulira Lilongwe malo akupita daily, anthu a mtauni akugula mapuloti, munthu amangodzuka nkupeza munda womwe agogo ake ankalima aumangira mpanda wa njerwa, ndipo nkhani zambiri zimayamba chimodzimodzi, kunabwera galimoto, kunabwera pepala, wina anadinda chala. Kuwonjezera apo chiyambire lamulo la malo a m'midzi la 2016, lija linabweretsa zolembetsa malo ndi makomiti a zamalo omwe wapampando wake amakhala a gulupu, anthu akamva za fomu yokhudza munda maganizo amathamangira komweko. Ndiye tangoganizani mlendo wabwera ndi pepala lachizungu, mawa lake abwera ndi chinthu cha miyendo itatu chofanana ndendende ndi cha masaveya oyeza malo, kenako dironi, kandege kojambula kaja, kakuzungulira pamwamba pa munda. Inenso utakhala wa amayi anga sindingasayine.

Fomu ya ku ofesi kwathu inalembedwa ndi loya, ili ndi ziganizo zoti ngakhale ine ndimabwereza kawiri. Chomwe ndimachita ndimaiwerenga mokweza m'Chichewa mzere ndi mzere, kenako kuseri kwake timalemba ndi bolopeni zomwe tagwirizana pomwepo, m'mawu awo. Tinalemba kuti sitikugula, sitikubwereka kuti tilime, tidzabwera tsiku limodzi m'mawa nkuchoka dzuwa lisanalowe. Galimoto zidzaima pabwalo la mpira osati m'munda. Phesi lililonse lomwe tithyole tidzalipira pamtengo wa dowe wowotcha pamsika wa Mitundu, ili linali ganizo la agogo aja ndipo bwalo lonse linaseka koma linadutsa. Ndalama ya malo idzaperekedwa m'manja mwa mayi, pamaso pa mlongo wawo ndi amuna awo, osati pa Airtel Money ya munthu mmodzi. Pepala limodzi linatsala kwa mfumu, lina kwa mayiwo, lina ndinatenga. Kangachepe ka a nyakwawa kanali kapadera, ku akaunti amadana nako poti kalibe lisiti, koma ine bajeti yopanda kameneko sindinyamuka nayo.

Pomaliza mfumu inaloza kamsitu komwe kali kumunsi kwa mundawo nkuti uko kokha kamera isaloze, ndipo kandege kanuko kasadutse pamwamba. Ndinadziwa kale, ndi kumanda, ndipo midzi ya Achewa dambwe la gule limakhala chakomweko. Vuto ndi loti madera ngati amenewa mitengo yachilengedwe yatsala kumanda kokha, kwina konse anadula kalekale, ndiye dayilekita aliyense akafika maso ake amathamangira pomwepo, amvekere pamitengo paja mpabwino bwanji. Wathuyu nditamuuza anayamba zoti tidzangojambulira patali sadziwa. Ndinamuuza kuti akatero adzapite yekha. Dironiyo ili kale ndi malamulo ake a boma a zandege, sungangoiulutsa dala pafupi ndi eyapoti ya Kamuzu ku Lumbadzi, koma kumudzi lamulo lomwe lingakutsekereni msewu ndi zipika ndi lomwe yanena mfumu. Ndimakumbukiranso 2017 mphekesera za anamapopa zitavuta ku Mulanje ndi Phalombe, anthu anaphedwa chifukwa chongokhala achilendo, chiyambire pamenepo sindilola kuti timu ifike m'mudzi kusanache ndi zida zomwe anthu sanauzidwe.

Lachinayi chigafa. Ndinapita pa esiteti ina ya fodya, malo a lizi, uku kulibe za mfumu koma geti. Mlonda ananditumiza kwa kapitawo, kapitawo kwa manijala, manijala akuti eni ake amakhala mtauni lembani kalata. Kalata ndinali nayo kale m'chikwama, anaijambula nkutumiza, yankho linabwera pasanathe ola, ayi. Sanapereke chifukwa koma ndikuchidziwa. Mu 2019 dziko la America linayamba kugwira fodya wochokera kuno pa nkhani yogwiritsa ana ntchito, ndipo eni maesiteti ambiri kamera pafupi ndi chigafa saifunanso olo uwalumbirire kuti ndi adivati ya chimanga. Sindinalimbane nawo. Chigafa tinapeza cha mlimi wamng'ono m'mudzi womwe uja, ndi nduna ya mfumu yomwe inatilozera, nkhani inatha pa mphindi zochepa poti anali atamva kale zonse pabwalo.

Dimba linali ndi kakenso. Mnyamata yemwe anadzala tomato ndi mpiru pamenepo anachita lendi, mwini dambolo ndi wina. Mbewu ndi za uyu, nthaka ndi ya uyo, onse awiri anafunika kuvomera ndipo onse awiri anafuna yawo. Tinagawa pakati, mwini nthaka ananyinyirika ndithu koma anasayina.

Timayenera kushuta Lachisanu, galimoto zitathiridwa kale mafuta, chakudya chitaodedwa. Usiku wa Lachinayi nduna ija inaimba kuti m'mudzi mwagwa zovuta, mwana wamwalira. Kasitomala anafunsa ngati sitingapitebe poti munda uli patali ndi nyumba ya siwa. Mxii. Jenereta ikulira, wosewera akumwetulira atanyamula chimanga, uku azimayi akulira kuseri kwa mitengo? Ndinapita ndekha Lachisanulo, ndinapereka chipepeso kudzera kwa mfumu, ndinakhala nawo mpaka kumanda nkubwerera.

Tinashuta Loweruka. Ana anadzaza mbali zonse, atsibweni aja anatseka shedi yawo ya njinga nkudzakhala wowabweza kuti asalowe mu shoti, palibe anawapempha. Madzulo ine ndi mayi aja tinayenda mzere ndi mzere kuwerenga mapesi othyoka, ambiri anathyola ndi wogwira laiti yemwe amayenda chammbuyo osayang'ana, tinalipira pompo. Tikulongedza panatulukira bambo a munda woyandikana nawo, akuti dironi inajambulanso chimanga chawo ndiye nawonso awaganizire. Sindinayankhe ndekha, tinapita nawo kwa a nyakwawa, ndipo mfumu inawafunsa ngati pali phesi lawo lomwe lathyoka. Anati ayi. Inawafunsa ngati Lachitatu sanaitanidwe pabwalo. Anati anaitanidwa koma anali ku msika. Nkhani inathera pomwepo, ngakhale ndinawagulirabe Fanta.

Sabata ino akufuna tikashute mkati mwa msika waukulu wa mtauni, ndiye mawa ndilawirira ku khonsolo ya mzinda ndi kalata, ndikachoka uko ndikasake wapampando wa mavenda.