Loweruka la mafilimu ku Chilenje

Lero ndinachapa m'mawa, kenako ndinatereka nyemba pambaula chifukwa magetsi anali atazima. Masana azakhali anafika kuchokera ku Kabwata pamodzi ndi msuweni wanga. Titatha kudya nsima tinayala mphasa pakhonde, ndipo macheza anagwera pa mafilimu amene taonera masiku apitawa.

Msuweni ndiye anayamba. Iye waonera kumene The Boy Who Harnessed the Wind, ya mu 2019 ija, yonena za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene anasiya sukulu posowa fizi nthawi ya njala, n'kupanga makina oyendera mphepo ndi zitsulo zotola kudzala. Chichewa cha osewera ena chimakhota lilime, pakuti Chiwetel Ejiofor, amene akusewera ngati bambo ake a William, komanso mnyamata amene akusewera ngati William si Achewa, koma njala yake ndi yeniyeni. Azakhali anati zimene zili mmenemo anazionapo ndi maso ku Katete. Ana a sukulu aonere imeneyi. Tinakambanso pang'ono za Can You See Us?, ya kuno kwathu, imene inalowa pa Netflix mu 2023, yochokera pa moyo wa woyimba John Chiti. Mwana wachialubino akukanidwa ndi bambo ake omubereka. Ine chakumapeto ndinaona kuti yachulutsa shuga, komabe inandiliza.

Imene yandikhala pamtima sabata yonse ndi On Becoming a Guinea Fowl ya Rungano Nyoni, mayi wobadwira muno mu Lusaka n'kukulira ku Wales. Ndi yemwe uja anapanga I Am Not a Witch mu 2017, imene inamupatsa mphoto ya BAFTA, ndipo yatsopanoyi inamupezetsanso mphoto pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes mu 2024. Zamphotozo n'zabwino, koma si zimene zandigwira.

Nkhani imayamba usiku. Shula akuchokera kuphwando pagalimoto yake, ndipo akupeza mtembo wa amalume ake a Fred uli gone pamsewu. Salira. Maliro akayamba, nyumba imadzaza ndi achibale, amayi akulowa chokwawa uku akubuma, matiresi ali mbwee pansi, atsikana ali kalikiliki kukhitchini, abambo ali panja kudikira mbale. Aliyense amene anagonapo pamaliro muno mu Lusaka adziwa fungo lake. Ambiri amayankhula Chibemba mufilimuyi, koma mwambo wake ndi womwewo umene timachita ife kum'mawa. Pang'onopang'ono zimaululika kuti malemuwo ankagwiririra ana aakazi a m'banja momwemo, ndipo akuluakulu ankadziwa. Mmalo moti mlandu ugwere mwini wake, onse akutembenukira mkazi wamasiye, kamtsikana kakang'ono ka ana ambiri, ati sankasamala mwamuna, sankamuphikira. Pamenepo ndinaimitsa kaye filimu n'kutuluka panja.

Nditafotokoza zimenezi, azakhali anakhala chete kanthawi akusenda nthochi. Kenako anati, "Mwana wanga, zoterezi si zoonetsa azungu. Zakunyumba zimathera kunyumba."

Ndinati, "Azakhali, nanga zikathera kunyumba, wopwetekedwayo amathera kuti?"

Sanandikalipire. Anangoti masiku awo mtsikana akadandaula ankauzidwa kuti asunge ulemu wa banja, ndipo iwonso anauzapo ena chimodzimodzi. Apa m'pamene ndimamulemekezera Rungano Nyoni. Amayi a mufilimu yake sanawasandutse afiti. Amawakonda ana awo, amawaimbira, amawakumbatira, koma chikondi chomwecho ndi chimene akutsekera nacho pakamwa. Ndikuwadziwa amayi otere, ndipo ena ndimadya nawo mbale imodzi.

Msuweni, amene akuphunzira zamalamulo, anakumbutsa kuti kulanda katundu wa mkazi wamasiye n'koletsedwa kuno kuyambira kale. Lamulo la mu 1989 limati munthu akafa osasiya wilo, ana amatenga 50 peresenti, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndipo ena amene ankadalira malemuwo 10. Koma pabwalo la maliro, achibale akakhala mozungulira iwe uli pansi mutu wowerama, ndani amatchula lamulo?

Za nkhanga, imene ndi Guinea Fowl ya m'dzina lija, filimu imakumbutsa kuti mbalameyi ikaona chilombo imachita phokoso kuchenjeza zinzake. Kumudzi tinkaziona zikutero kabawi akadutsa. Shula akuyenera kusankha ngati akhale chete monga anamuphunzitsira, kapena alire mokweza kuti ang'onoang'ono apulumuke.

Sindinganene kuti ndi filimu yopumulirapo ukaweruka kuntchito. Imayenda pang'onopang'ono, ili ndi tizigawo tonga maloto timene ena tingawasokoneze, ndipo si ya ana. Koma ndikupempha amayi ndi atsikana achikulire kuti muionere limodzi, abambo nawonso asathawire kumpira. Amene zoterezi zinamuchitikirapo asaionere yekha, akhale ndi munthu amene amamukhulupirira pafupi.

Dzuwa litapendeka ndinawaperekeza kokwerera minibasi. Tili m'njira azakhali anandifunsa ngati filimuyo ili ndi mawu olembedwa m'munsi, popeza Chibemba amachimva mwa apo ndi apo. Tapangana kuti Lamulungu likubwerali, tikachoka kutchalitchi, tidzaionera kwawo, ndipo ati aitananso amayi aang'ono a ku Matero.