Lipoti la ulendo wa gulu lathu la alimi ku Gujarat, m'dziko la India

Gulu lathu la alimi a ng'ombe za mkaka linapita kukaona ntchito za makopaletivu m'boma la Anand ku Gujarat, kumene kuli likulu la Amul, kopaletivu ya mkaka imene inayamba mu 1946. Tinagawidwa m'mabanja a m'midzi yozungulira, ndipo lipoti lino likufotokoza mmene tsiku limayendera m'makomo amenewo.

Pakhomo pamene ndinafikira pamakhala agogo, ana awo aamuna pamodzi ndi akazi awo, komanso zidzukulu, onse akudya za mphika umodzi, popeza mkazi akakwatiwa amakakhala kwawo kwa mwamuna monga zimachitikira pa chitengwa. Ntchito imayamba kusanache. Amayi amakama njati zoweta n'kupita ndi mkakawo kumalo osonkhanitsira a m'mudzi momwemo, kumene amauyeza kuchuluka kwake ndi mafuta ake, ndipo mtengo umatsatira mafutawo. Madzulo amachitanso chimodzimodzi. Akasamba amayatsa kanyali pakachisi kakang'ono ka m'nyumba, kenako amawiritsa tiyi pamodzi ndi mkaka, shuga ndi jinja. Nsapato zonse zimatsala pakhomo, ndipo achinyamata akamatsanzika pa ulendo amawerama n'kukhudza mapazi a agogo popempha madalitso.

Nthawi yambiri ndinaithera kukhitchini. Banjali silidya nyama, ndipo ndiwo yaikulu ya masana ndi dal, yophikidwa ndi nandolo wouma wochotsedwa makoko, wothiridwa zokometsera ndi kashuga pang'ono. Alimi anzathu a nandolo adziwe kuti mbewu imene amalonda amagula kwathu kuno n'kutumiza ku India imakathera m'mbale zotere. Mayi wapakhomopo amakanda ufa wa tirigu, amaupyapyalitsa kukhala timikate totchedwa rotli, amatiwotcha pachiwaya n'kutiponya pamoto mpaka titafufuma, ndipo amagawira aliyense tili totentha, mwiniwake osakhala pansi kufikira onse atakhuta.

Apa mtima wanga sunakhazikike, chifukwa amayiwa amayamba kudzuka, amamaliza kudya, ndipo nthawi yopuma ilibe malo pa tsiku lawo. Komabe pakhomo pamenepa ndalama za mkaka zimalowa m'dzina la mayi amene amakamayo, ndipo n'zimene zimagula mabuku a ana ndi chakudya cha ziweto. Ndikupempha komiti yathu kuti pamsonkhano ukubwerawu ikambirane zolembetsa amayi okama mkaka ngati mamembala m'maina awo.