Chigoba changa chinayenda chogona

Laputopu yanga ndi nkhalamba, ukangotsegula pulogalamu yolemera fani imalira ngati ikufuna kuuluka. Ndiye mnzanga atandiuza kuti OpenSim itha kuyendera pa cloud, iwe kungotsegula browser basi ntchito yonse nkumachitikira pa kompyuta ina kutali uko, ndinaona ngati ndatola chikwama.

Kwa amene simuidziwa, OpenSim ndi pulogalamu yaulere yochokera ku Stanford. Imakupatsa chigoba cha munthu, ine ndinatenga chotchedwa gait2392 chokhala ndi timizere tofiira 92 toimira minofu, ndiye umachidyetsa fayilo ya TRC, mmene muli mayendedwe a timipira tonyezimira tija amamata pathupi la munthu akamamujambula akuyenda mu labu. Chigobacho chimatsatira timipirato, iwe nkudziwa kuti bondo likupindika bwanji, ntchafu ikugwira ntchito yochuluka bwanji.

Ndinakweza fayilo, ndinadina run. Eeh liwiro lake! Zomwe laputopu yanga ikanabuula nazo mpaka kutentha zinatha ndisanakhazikike bwinobwino pampando. Manambala anatuluka mbwee, magrafu okongola, ndipo ine chifukwa cha matama sindinaone nkomwe kuti chigobacho chikuyenda bwanji, ndinangowalembera a supavaiza kuti ndamaliza.

Mawa lake miting'i ya pa intaneti, anthu asanu ndi awiri, ine ndasheya sikirini. A supavaiza akuti tatiseweretsereni tione. Ndinadina play.

Abale inu. Chigoba chinatulukira chitagona chammbali, mutu kuloza kumanja, koma miyendo ikuponda ndithu mwaulemu wake ngati munthu akulota ali pa ulendo. Chete kwa kanthawi, kenako wina anaiwala kuti maiki yake ndi yotsegula, kuseka mpaka kutsokomola. A supavaiza anangofunsa mofatsa kuti, munthu ameneyu munamujambula ali pabedi?

Vuto linali laling'ono zochititsa manyazi. Pa kompyuta mbali zitatu zolozera zimatchedwa X, Y ndi Z, ndiye labu imene inajambula imatenga Z ngati kumwamba, pomwe OpenSim kumwamba kwake ndi Y. Umayenera kutembenuza data ndi madigiri 90 usanayambe chilichonse, ine sindinatero, ndipo kompyuta ya pa cloud ija siifunsa kuti bwana mukutsimikiza, imangowerengera zopusa zakozo mwachangu. Mphamvu yokokera pansi inali kumukoka munthu wanga cha m'nthiti, ndiye magrafu okongola aja onse anali bodza lenileni.

Apa mpamene ndikanangopepesa nkutseka. Koma ayi, ndinati ndikonza pompano a supavaiza, ndi mzere umodzi wokha wa code. Manja akunjenjemera ndinalemba 90 mmalo mwa -90, run, masekondi ochepa zatheka, play.

Chigoba chinabwera mutu pansi miyendo mmwamba, msana utapindika ngati chikufuna kudziluma chidendene, chikupalasa mphepo. Uja wa maiki anachita kutuluka mu miting'i. A supavaiza anavula magalasi, kupukuta m'maso, nkunena kuti bola poyamba paja amapumako.

Ndinakonza usiku womwewo, chinayenda bwinobwino ndi miyendo pansi, ndinatumiza link ku gulu lonse. Palibe anaitsegula. Koma kavidiyo ka miyendo mmwamba kaja wina anali atakajambula pa sikirini, ndipo mpaka lero ndikalemba mu gulu kuti ndamaliza ntchito, yankho loyamba limakhala lakuti wadzuka kapena akadagona?