Bwalo la lero pa nkhani ya kasupe wa m'phiri

Lero m'mawa nduna ya amfumu inayenda khomo ndi khomo kumema anthu, ndipo dzuwa lisanafike pamutu tinali titasonkhana pabwalo, amayi mbali yawo, abambo mbali yawo. Nkhani inali ya kasupe wa m'munsi mwa phiri, amene timathirira madimba a kachewere kuno ku Bembeke, koma chaka chino waphwa mwezi wa Okutobala usanathe.

Wapampando wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) ndiye anayamba, ndi maganizo oti tipemphe mjigo kudzera ku komiti ya chitukuko ya dera lonse la mfumu yaikulu (ADC) kuti pempholo likafike ku khonsolo ya Dedza, monga mwa ndondomeko ya mphamvu ku anthu imene inakhazikitsidwa mu 1998. Palibe amene anatsutsa. Kenaka ntchembere ina yokalamba inaomba m'manja n'kunena kuti, "Zikomo Gogo Chalo, mjigowo ubwere, koma madzi ake adzachokera kuti phiri lili mbee chonchija?" Inatikumbutsa kuti kale katope, mkuyu ndi mbawa za m'mbali mwa madzi sizinkakhudzidwa ndi nkhwangwa, ndipo inaloza kumanda, kumene mitengo ikadali yowirira mpaka lero ngakhale palibe pepala loletsa kudula, chifukwa aliyense anakula akudziwa mwambo wake. Mawu amenewo anandikhudza kwambiri, pakuti pamisonkhano yambiri ya chitukuko anthu otere amaitanidwa kudzangomvera, pamene ndi amene akudziwa pomwe madzi ankatumphukira.

Anyamata ootcha makala sanabise mawu. Anati feteleza wakwera mtengo ndipo thumba la makala ndilo limawagulira ufa. Mkangano unatenga nthawi, koma amfumu sanathamangire kugamula. Analola aliyense kulankhula, kenaka anapatuka ndi nduna zawo kukanong'onezana.

Chigamulo chinali chakuti chigawo cha phiri chozungulira kasupe chipatulidwe kukhala nkhalango ya m'mudzi, zimene lamulo la zankhalango la 1997 limalola mfumu kuchita. Kutola nkhuni zouma, bowa ndi masuku kuloledwa, koma wodula mtengo wauwisi adzalipira chindapusa cha mbuzi. Anyamata aja apatsidwa malo kudambo kuti alime dimba, ndipo awiri mwa iwo asankhidwa kulowa m'komiti yoyang'anira nkhalangoyo.

Loweruka tikwera phiri ndi ntchembere ija kuti ikatisonyeze malire akale, ndipo mlangizi wa zankhalango wauzidwa kale kuti adzabwere kudzawalemba.