Foda ya pa netiweki ikamasowa malaiti akangobwera

M'maofesi ang'onoang'ono muno mu Chipata, mafayilo a onse amakhala pa kompyuta imodzi yotchedwa seva, ena n'kumalowamo kudzera pa netiweki. Malaiti akapita n'kubwera, foda ija yasowa: pa Windows pali X wofiira, Mac sikuipeza seva, Linux yangoti zii.

Musathamangire kusintha pasiwedi. Yambani ndi adiresi. Rauta ikazima n'kuyakanso imatha kugawa ma IP (maadiresi a makompyuta pa netiweki) mwatsopano, ndiye seva imene inagona ili 192.168.1.20 imadzuka ili 192.168.1.23. Chitani ping (lamulo loyesa ngati kompyuta ikuyankha) pa adiresi yakaleyo. Ikapanda kuyankha, lowani mu rauta, pa DHCP reservation, mumangirire adiresi imodzi ku MAC address (nambala yokhazikika ya kadi ya netiweki) ya sevayo. Kenako onani ngati firewall (pulogalamu yolondera netiweki) sinatseke port 445, poti SMB, njira imene makompyuta amagawirana mafoda, imadutsa pamenepo.

Linux ili ndi vuto lakelake: imadzuka msanga, n'kufuna foda seva isanayake, ndipo ikalephera siyesanso. Ikani pulogalamu ya cifs-utils, kenako mu fayilo ya /etc/fstab, pa mzere wa fodayo, onjezani _netdev,nofail,x-systemd.automount,vers=3.0. Mukatero foda imalumikizidwa pokhapokha munthu akaitsegula. Dzina ndi pasiwedi zikhale m'fayilo yapadera ya credentials, yotsekedwa ndi lamulo la chmod 600, osati mu fstab mmene aliyense angawerenge.

Pa Linux, uthenga wakuti "mount error(112): Host is down" umanamiza anthu. Nthawi zambiri seva ili moyo, koma ndi yakale, imangodziwa SMB1, mtundu wakale wa SMB. Windows 10 inayamba kusiya kubwera ndi SMB1 yoyatsa mu 2017, chaka cha vairasi ya WannaCry, ndipo Samba, pulogalamu ya SMB ya pa Linux, inaizimitsa pa mtundu wa 4.11. Alipo amene amaiyatsanso kuti ntchito iyende lero. Ine sindivomereza zimenezo. Ndi bwino kukweza firmware (pulogalamu ya m'kati) ya NAS, kabokosi kosungira mafayilo kamene kakugwira ntchito ya seva, kapena kuisintha.

Pa Windows, error 1219 imatanthauza kuti mukulowa mu seva imodzi ndi maina awiri. Lembani net use * /delete, fufutani zakale mu Credential Manager, mulumikizenso ndi dzina limodzi.

Ya Mac ndi yachidule: mu Finder dinani Command ndi K, lembani smb:// ndi adiresi, kenako ikani fodayo mu Login Items.

Ngati pali UPS (batire yothandiza malaiti akapita) imodzi yokha, ilumikizeni ku seva, rauta ndi switch (kabokosi kolumikiza mawaya a netiweki). Pulinta isakhalepo.