Lipoti la Ulendo wa ku FOSDEM: Makampani ndi Mafoni Oyendera Mapulogalamu a Open Source

Pa 3 ndi 4 February 2024, gulu lathu la anthu odzipereka pa ntchito yolemba ndi kumasulira mapulogalamu a open source (amene khodi yake, kutanthauza malangizo amene pulogalamu imalembedwa nawo, ili poyera kuti aliyense aione, aisinthe ndi kuigawa) linatuma ena mwa ife kumsonkhano wa FOSDEM, umene umachitika chaka ndi chaka payunivesite ya Université libre de Bruxelles mumzinda wa Brussels, ku Belgium. Msonkhanowu ndi waulere, salembetsa n'komwe, ndipo amene amaukonza nawonso ndi anthu ongodzipereka. Anzathu anatituma kuti tikafufuze nkhani imodzi, yakuti ndi mgwirizano wotani pakati pa makampani ndi olemba mapulogalamu umene umathandizadi pulogalamu yoyendetsera foni, yosakhala ya Google kapena ya Apple, kuti ikhalitse. Funsoli lakhala likutisowetsa mtendere chifukwa ena mwa ife akufuna kuthera nthawi yawo pa ntchito yomasulira ndi kukonza pulogalamu yotereyi, ndipo palibe amene akufuna kukhetsera thukuta pa chinthu chimene eni ake adzachitaye mawa.

Tinayambira pamatebulo pamene panayalidwa mafoni oyendera postmarketOS, Sailfish OS ndi Ubuntu Touch, amene ndi mapulogalamu oyendetsera foni omangidwa pa Linux. Anthu anali piringupiringu, moti kuti ugwire foni umayenera kudikira. Mnyamata wina amene ankalandira alendo patebulo lina anandipatsa foni yakale imene poyamba inagulitsidwa ndi Android, koma tsopano inali kuyendera Linux yeniyeni, ya kernel (phata la pulogalamu limene limalamulira zida za m'foni) yatsopano yofanana ndi ya pakompyuta. Sikirini inkamvera chala bwinobwino, intaneti inkalowa, nyimbo zinkamveka, koma nditatsegula kamera panangooneka mdima. Iye anandifotokozera mosabisa kuti mbali ya chip (kachipangizo kamene ndi ubongo wa foni) imene imakonza zithunzi ilibe malangizo amene anthu wamba angawerenge, choncho olemba mapulogalamu amachita kufufuza okha mmene imagwirira ntchito, kuyesa lero, kulephera, n'kuyesanso, ndipo ntchito imeneyi imatha kudya zaka pa foni ya mtundu umodzi wokha. Pamenepo ndinaona kuti nkhani ya mgwirizano imayambira pa zinthu zazing'ono ngati zimenezi: kampani yopanga chip ikatulutsa malangizo ndi madalaivala ake (timapulogalamu tothandiza kernel kugwiritsa ntchito zida monga kamera), ntchito ya zaka imasanduka ya miyezi.

M'chipinda chimene munkakambidwa za mafoni, vuto lomweli linkatulukira m'njira zosiyanasiyana. Pali njira ziwiri zimene magulu amatsata. Ena, monga postmarketOS imene inayamba mu 2017 ndi cholinga chakuti foni izitha kugwira ntchito zaka 10, amalimbikira kulowetsa zonse zofunika mu kernel yaikulu ya Linux, ngakhale kuti njirayi ndi yaitali. Ena, monga Ubuntu Touch ndi Sailfish OS, amabwereka madalaivala a Android kudzera mu pulogalamu yolumikizira yotchedwa libhybris, ndipo Ubuntu Touch imagwiritsanso ntchito ina yotchedwa Halium. Njira yachiwiriyi imachititsa kuti kamera ndi zina zigwire ntchito msanga, koma foni imakhala yomangiririka ku kernel yakale imene wopanga anaisiya. Palinso vuto la VoLTE (njira yoimbira foni kudzera pa 4G), lomwe likukula pamene makampani a netiweki m'mayiko ambiri akuzimitsa 3G, chifukwa foni imene siitha kuimba kudzera pa 4G imasiya kukhala foni ngakhale zina zonse zitakhala bwino, ndipo vuto limeneli munthu sangalithetse yekha popanda opanga modemu ndi eni netiweki.

Madzulo tinakhala pansi monga gulu kuti tikambirane zimene tinaona, ndipo sitinagwirizane msanga. Mayi wina wa m'gulu lathu, amene agwira ntchito ya ma netiweki kwa nthawi yaitali, ananena kuti popanda makampani akuluakulu palibe chimene chingatheke, ndipo anatikumbutsa kuti Android yeniyeniyo inalengezedwa pamodzi ndi Open Handset Alliance mu November 2007, mgwirizano wa makampani 34 ophatikiza opanga mafoni, opanga ma chip ndi eni netiweki. Mfundo yawo inali yoona, koma ine ndinaona kuti mbiri ya zaka zotsatira ikutiuza zina zimene sitiyenera kuzinyalanyaza.

Pulogalamu yoyendetsera foni ya MeeGo inalengezedwa mu February 2010 ndi Nokia pamodzi ndi Intel, makampani amene pa nthawiyo anali patsogolo pa ntchito zawo, koma patangotha chaka chimodzi Nokia inasankha Windows Phone, ndipo foni yake ya N9, yoyendera MeeGo, inatuluka mu 2011 njira yake itatsekedwa kale. Tizen, pulogalamu ina yotere imene Samsung ndi Intel anaikhazikitsa mu 2011, inalinso ndi mayina akuluakulu kumbuyo kwake, komabe NTT Docomo ya ku Japan inaimitsa foni yake ya Tizen mu January 2014, foni yoyamba ya Samsung Z1 inadzatuluka ku India mu 2015, ndipo pamapeto pake pulogalamuyi inakakhazikika m'ma TV. Chitsanzo chimene tinachikambirana kwambiri ndi cha Firefox OS, pulogalamu yoyendetsera foni ya bungwe la Mozilla. Mu February 2013, pamsonkhano wa Mobile World Congress ku Barcelona, Mozilla inalengeza kuti makampani a netiweki oposa 15 ali nayo limodzi, kuphatikizapo Telefónica, Deutsche Telekom ndi Telenor, komanso opanga mafoni monga ZTE, LG, Huawei ndi Alcatel. Mu July chaka chomwecho foni ya ZTE Open inayamba kugulitsidwa ku Spain pa mtengo wa mayuro 69. Pofika December 2015, Mozilla inalengeza kuti yasiya kugulitsa mafoniwa kudzera m'makampani a netiweki. Makampani onse aja ankagulitsanso mafoni a Android amene mitengo yake inkatsika chaka ndi chaka, ma app amene ogula ankawafuna, makamaka WhatsApp, kunalibe, choncho aliyense mwa iwo akanatha kuchoka osataya kanthu kwenikweni. Walira mvula walira matope: amene wadalira kampani yaikulu wavomerezanso kuti tsogolo la ntchito yake lidzagamulidwa m'chipinda chimene iye salowamo.

Mayi aja anayankha ndi KaiOS, imene inamera pa khodi ya Firefox OS yomweyo n'kufika m'manja mwa anthu mamiliyoni ambiri kudzera mu JioPhone ya ku India kuyambira mu 2017, ndipo mu 2018 Google inaikamo madola 22 miliyoni n'kubweretsa ma app ake monga YouTube ndi Maps. Apa ndinavomerezana nawo kuti kusiyana kwake kunali kwakuti Jio inkaifunadi foniyo pofuna kukokera anthu pa netiweki yake ya 4G, ndiye sinali kungobwereketsa dzina. Komabe tinakumbutsana kuti mbali zambiri za KaiOS ndi zotseka, zomwe zikutanthauza kuti kwa gulu ngati lathu chitsanzochi chili ndi malire.

Zimene zinandigwira mtima kwambiri ndi migwirizano ing'onoing'ono imene siipanga phokoso. Kampani ya Canonical, imene inayambitsa Ubuntu Touch, itaisiya mu April 2017, anthu odzipereka a UBports anaitola chifukwa khodi yake inali poyera, ndipo lero kampani yaing'ono ya Volla ya ku Germany imagulitsa mafoni amene munthu angagule ali kale ndi pulogalamuyi. Jolla, imene inayambitsidwa ku Finland mu 2011 ndi anthu amene anachoka ku Nokia, inatha kuika Sailfish OS pamafoni a Xperia kuyambira mu 2017 chifukwa Sony, kudzera mu ndondomeko yake ya Open Devices, imalola kutsegula bootloader (kapulogalamu koyatsa foni, kamene kakakhala kotseka munthu sangaikemo pulogalamu ina yoyendetsera foni) ndipo imatulutsa zofunika pomangira. Fairphone ya ku Netherlands imalolanso kutsegula bootloader, ndipo kuyambira mu 2020 mafoni ake amapezeka ali ndi /e/OS, mtundu wa Android wochotsedwa mautumiki a Google. Kampani ya Pine64 itatulutsa foni ya PinePhone m'mitundu yapadera ya UBports, postmarketOS, Manjaro, KDE ndi Mobian, inkapereka madola 10 pa foni iliyonse yogulidwa ku gulu limene pulogalamu yake inali m'foniyo. Ndalama zimenezi ndi zochepa poyerekeza ndi zimene zinatayidwa pa MeeGo kapena Firefox OS, koma pa migwirizano yonseyi pali chinthu chogwirika chimene chinafika m'manja mwa olemba mapulogalamu, ndipo chambiri mwa icho sichingalandidwenso kampaniyo ikasintha maganizo. Ndiyenera kunenanso kuti mafoni amenewa amagulidwa ndi anthu ochepa, ndipo vuto la ma app a mabanki, amene ambiri amakana kugwira ntchito pafoni yosatsimikiziridwa ndi Google, likadali pomwepo ngakhale pali njira zoyendetsera ma app a Android monga Waydroid.

Potengera zimenezi, ife amene tinapita tikupempha gulu kuti lisanasankhe pulogalamu yoti liigwirire ntchito, liyambe lafufuza ngati makampani ogwirizana nayo amalola kutsegula bootloader, ngati amatulutsa khodi ya kernel ndi madalaivala pa nthawi yake, ngati alonjeza poyera zaka zimene adzathandize foni iliyonse, ndiponso ngati khodi yonse ili pamalo pamene anthu ena angaipitirize eni ake atatopa. Mayi aja anawonjezera funso lawo, ndipo tinalilandira: kodi kampaniyo ingataye chiyani itachoka lero? Awiri mwa ife avomera kulemba mndandanda wa mafoni amene amayendera Ubuntu Touch ndi postmarketOS, n'kusonyeza pa iliyonse ngati kuimba kudzera pa VoLTE, kamera ndi GPS zikugwira ntchito, ndipo mndandandawu udzaperekedwa pamsonkhano wathu wotsatira tisanavotere kumene ntchito yomasulira iyambire.