Ndinatsika Thabwa ndi laputopu m'chikwama

Malume anga amaphunzitsa ukalipentala pa sukulu ina ya ntchito zamanja chakumunsi kwa Ngabu, ndipo kwa miyezi akhala akundiimbira, amvekere "mphwanga, iwe makompyutawa umawadziwa, tabwera udzatiwonetseko ife aphunzitsi." Sabata yatha ndinanyamuka, minibasi ya m'mawa kuchokera mu Blantyre.

Amene munatsikapo Thabwa mukudziwa, makhotakhota aja, makutu kutseka, kenako chigwa chonse chili yalaa pansipo Shire akung'anima. Pofika pa mlatho wa Kamuzu juzi ndinali nditavula kale. Pa Dyeratu ndinagula madzi, pa Nchalo nzimbe za Illovo zokhazokha mpaka maso kutopa. Okutobala wa kuno ndi wina, mphepo yolowera pawindo imakhala ngati yadutsa pa mbaula.

Pasukulupo makompyuta alipo ndithu, ochepa, ena ovundikira ndi chitenje, ena sanayakenso chilowereni madzi a namondwe Freddy mu 2023. Koma chimene chinandikhudza kwambiri ndi mawu a bambo wophunzitsa zowotcherera, munthu woti geti amakupangira osayang'ana pepala. Anati, "achimwene, ana timawaphunzitsawa pa foni amatiposa, ndiye ine ndi imvi zangazi ndikafunse mwana kuti mawusi amagwira bwanji?" Manyazi enieni, ndipo ndinawamvetsa.

Tsiku loyamba ndinayamba molakwika, kufotokoza kuti ichi ndi kiyibodi ichi ndi monita, anthu chete, thukuta lokhalokha. Mayi wophunzitsa zosoka ndi amene anandibweza, anati iwo zimenezo sizikuwathandiza, akufuna adziwe momwe angajambulire diresi bwinobwino kuti akaika pa status ya WhatsApp makasitomala a ku Bangula aione, komanso momwe angatumizire ana awo vidiyo yodula kolala osamaliza bandulo yonse. Basi tinatseka laputopu, aliyense anatulutsa foni yake, tinatuluka kukakhala pansi pa mtengo. Kujambula dzuwa lili kumbuyo kwako, vidiyo yaifupi, kutsitsa za pa YouTube netiweki ikakhala bwino n'kudzaonetsa m'kalasi mawa. Anthu omwe aja anayamba kulimbirana kufunsa.

Mawa lake ndi pomwe panali nkhani. Malume ali ndi kope lakale momwe amalembamo kotesheni, matabwa angati, misomali, guluu, vanishi, mahinjesi, ndalama ya ntchito, ndipo mitengo ikakwera, monga ikukwerera masiku anomu, amafufuta zonse n'kuyambiranso. Tinatenga kotesheni ya chitseko chimodzi n'kuilemba mu Excel, pulogalamu ya pa kompyuta yowerengetsera, iwo akutayipa okha ndi chala chimodzi, ine osagwira. Kenako ndinati sinthani mtengo wa thabwa. Atasintha, totala pansi inasintha yokha. Anayang'ana kope, anayang'ana sikirini, anasinthanso kachiwiri kuti atsimikize, kenako anaitana bambo wa zowotcherera uja, "tabwerani mudzaone, ndi ma chubu anu aja zitheka." Madzulo ake anali malume akuphunzitsa anzawo, Chisena ndi Chichewa kusakaniza, ine ndikungomva "takhuta, takhuta."

Wophunzitsa umakaniko anandiuza zomwe zimamusowetsa tulo. Magalimoto obwera kuchokera ku Japan masiku ano amafuna kamakina kolumikiza kuti kakuuze vuto, ana ake akapita ku magalaja a mu tauni amakapeza chinthu choti sanachionepo. Mapampu a sola adzaza m'madimba m'mbali mwa Shire, mabuku ake ali pa intaneti, ndipo ngalande yaikulu yothirira yochokera ku Kapichira ija idzafuna amisiri a konkuno. Ine ndimaona chonchi, TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ilipo kuyambira 1999, makoleji a ntchito zamanja a m'madera anayamba kutsegulidwa mu 2015, timakamba kwambiri za achinyamata ndi nyumba zophunziriramo, koma mphunzitsi amene waima kutsogoloko maluso ake a kompyuta akufunika kuwasamala chimodzimodzi, ndipo kosi ya masiku awiri ku hotela siingafanane ndi kukhala naye pa benchi yake ndi kope lake. Za magetsi nazo musaiwale, anthu kuno akukumbukirabe mdima uja namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, n'chifukwa chake foni yotchaja pa sola amaikhulupirira kuposa kompyuta ya pa desiki.

Usiku womaliza azakhali anaphika nsima ya mapira ndi mlamba, tinadyera panja chifukwa m'nyumba simumakhalika. Pobwerera, minibasi ikukwera Thabwa mwa giya wani, foni inalira. Malume anditumizira kotesheni ya tebulo, apanga okha, koma totala ikuonetsa zachilendo chifukwa pa mtengo wa vanishi alemba chilembo O m'malo mwa ziro. Ndinawaimbira pomwepo, tinakonza tisanafike pamwamba, ndipo tapangana kuti ndibwereranso mvula isanayambe chifukwa bambo wa zowotcherera akufuna ya mageti.